Tinkatunga pa chitsime chimodzi, nanga bwanji kolera anagwira nyumba zitatu zokha?

Mayi Nachisale: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Mvula ija yayamba, ndipo ku komiti yathu ya mjigo tikukangana nkhani imodzi osagwirizana. Pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, pamzere wathu panadwala anthu a m'nyumba zitatu. Ena tonsefe tinali bwinobwino, chonsecho mjigo unali utawonongeka ndipo tonse tinkatunga pa chitsime chimodzi cha kudambo. Anzanga ena akuti umenewu ndi umboni woti madzi alibe mlandu, ndiye chaka chino palibe chifukwa chosonkhera ndalama za mankhwala othira m'madzi. Ine mtima ukukana koma ndikusowa choyankha. Odziwa tithandizeni.

Madalitso wa ku Joni: Amayi, anzanuwo akufunsa funso lenileni. Ine ndinakulira madzi a mumtsinje, ng'ombe zikumwa kumtunda ife tikutunga kumunsi, koma sindinagonepo m'chipatala chifukwa cha m'mimba. Zinthu zina azaumoyo amangotiopseza nazo.

Bambo Kamwendo: A Madalitso, ine ndagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo mpaka kupuma, nthawi yambiri m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo mawu mwanenawo ndawamva pabwalo lililonse limene ndinaimapo. Sindikukana kuti simunadwale. Koma kusadwala kwanu sikutiuza kuti madziwo anali abwino. Pa anthu amene ameza tizilombo ta kolera, ambiri saona chizindikiro chilichonse. Ena amangotsekula kawiri katatu n'kumati ndadya mango osapsa. Ochepa ndi amene amafika potulutsa madzi okhaokha otuwa, aja timati a mpunga, n'kumasanza, maso kulowa m'kati, khungu ukalitsina osabwerera. Amenewa ndi amene timawaona ku tenti ya kolera. Koma ngakhale osadwala aja, tizilomboto timatuluka m'chimbudzi chawo kwa masiku angapo, nthawi zina mpaka 10. Ndiye Mayi Nachisale, pamzere wanu n'kutheka kuti kolera analowa m'nyumba zambiri, koma anagwetsa anthu m'nyumba zitatu.

Mayi Nachisale: Nanga chimasankha n'chiyani kuti uyu agwe uyu ayi?

Bambo Kamwendo: Zilipo zingapo, mayi. Choyamba ndi kuchuluka kwa tizilombo timene munthu wameza. Kolera amafuna tizilombo tambiri kuti adwalitse, chifukwa asidi wa m'mimba amapha tochuluka tisanafike m'matumbo. Ndiye chitsime chimodzicho madzi ake si amodzi tsiku lonse. Wotunga m'mamawa mvula itagwa usiku, madzi othamanga atakokolola zonyansa za m'tchire n'kuzithira m'menemo, watunga zina; wotunga patapita masiku awiri kuli ng'amba watunga zina. Komanso madzi akafika pakhomo amasintha. Nyumba ina amasunga m'chigubu cha kukamwa kwakung'ono n'kumachita kutsanulira, ina amasunga mumtsuko wapululu, chikho chimodzi mwana aliyense n'kumaviika pamodzi ndi zala zake. Ina amawiritsa a tiyi okha, ina amawiritsa onse. Ndiye palinso thupi la munthuyo. Amene anadwalapo kolera zaka zapafupi amakhala ndi chitetezo kwa kanthawi. Mwana wonyentchera amagwa msanga. Anthu a magazi a gulu la O, akadwala, matendawa amakonda kuwakulira. Zonsezi ukaziphatikiza, n'zosadabwitsa kuti nyumba zoyandikana zione zosiyana.

Chisomo Banda: Agogo a Kamwendo afotokoza bwino. Ndingowonjezera zimene tikuphunzira kusukulu ya zaumoyo. Dokotala amayang'ana wodwala mmodzi n'kufunsa kuti akudwala chiyani. Wofufuza za miliri amayang'ana mudzi wonse n'kufunsa mafunso atatu: akudwala ndani, akukhala kuti, anayamba liti. Ndipo sawerenga odwala okha. Amawerenganso osadwala. Amayi, munena kuti tonse tinkatunga kudambo. Funso limene komiti yanu sinafunse ndi ili: pa mzere wina umene unali ndi mjigo wogwira ntchito, panadwala angati? Ngati kwanu zinadwala nyumba 3 pa nyumba 20, kwinako palibe ngakhale imodzi pa nyumba 20, ndiye chitsimecho chili ndi mlandu ngakhale nyumba 17 zinapulumuka. Simungaweruze chitsime poyang'ana omwa madzi ake okhaokha.

Madalitso wa ku Joni: Zomveka, koma zimenezo ndi masamu a pa pepala. Alipo anagwirapo matenda ndi masamu?

Sisita Mbewe (London): Alipo achimwene, ndipo malo ake ndimadutsapo ndikamapita kogula zinthu. Ku Soho kuno, pa msewu umene lero ukutchedwa Broadwick Street, anaimika mjigo wachitsulo wopanda chogwirira, wongokumbukira. Kale msewuwu unkatchedwa Broad Street. Kumapeto kwa Ogasiti 1854 kunabuka kolera pamenepa ndipo m'masiku 10 okha anthu oposa 500 anafa. Nthawi imeneyo madokotala ambiri ankakhulupirira kuti kolera amabwera ndi mpweya wonunkha. Dokotala wina, John Snow, ankakayikira madzi. Analibe njira yoonetsera kachilomboko. Anatenga mayina a omwalira n'kuyenda khomo ndi khomo kufunsa kuti ankamwa madzi a kuti, kenaka n'kuika timizere pa mapu, kamzere kamodzi munthu mmodzi, pa nyumba imene anafera. Timizereto tinaunjikana mozungulira mjigo wa pa Broad Street.

Koma mbali imene imandikhudza ine ndi ya anthu amene sankagwirizana ndi mapuwo. Pafupi pomwepo panali fakitale yofulula mowa, antchito pafupifupi 70, osafa ndi mmodzi yemwe. Snow atafunsa anapeza kuti iwo ankapatsidwa mowa pantchito ndipo fakitaleyo inali ndi chitsime chakechake, samatunga pa mjigo uja. Panalinso nyumba yosungiramo anthu osauka oposa 500, yozunguliridwa ndi maliro mbali zonse, koma m'menemo anafa 5 okha. Nawonso anali ndi chitsime chawo. Ndiye kunali mayi wamasiye amene ankakhala kutali ku Hampstead, kumene kunalibe kolera, koma anafa naye. Zinapezeka kuti mayiyu ankawakonda madzi a pa Broad Street chifukwa anakhalako kale, ndipo ankamubweretsera m'botolo pa ngolo. Mwana wamkazi wa m'bale wake amene anabwera kudzacheza n'kumwa nawo madziwo anafanso atabwerera kwawo. Snow anapita ndi zimene anali atapeza kwa akuluakulu a deralo, ndipo pa 8 Sepitembala anachotsa chogwirira cha mjigowo.

Aphunzitsi a Gondwe: Nkhani imeneyi ndikawauza ana a Fomu 3 mawa lomwe. Ndiye atachotsa chogwiriracho mliri unatheratu?

Sisita Mbewe (London): Anthu ambiri amaifotokoza choncho, koma mliriwo unali utayamba kale kutsika, chifukwa ambiri anali atathawa m'deralo, ndipo Snow mwiniwake ananena zimenezo. Akuluakulu aja sanakhutire, pambuyo pake chogwirira chija anachibwezera. Amene anamaliza ntchitoyi anali mbusa wa tchalitchi cha pomwepo, Henry Whitehead, yemwe poyamba anafuna kutsutsa Snow. Iye ankawadziwa anthu ake mmodzimmodzi, ndiye anayenda kufunsa opulumuka. Anapeza kuti mliri usanabuke, m'nyumba ina pa msewu womwewo munadwala khanda, ndipo mayi ake ankataya madzi ochapira matewera m'dzenje la zonyansa limene linali pafupi mita imodzi kuchokera pa chitsime cha mjigowo. Atakumba anapeza njerwa za dzenjelo zitaphwasuka, zonyansa zikudontha kulowa m'chitsime. Snow anamwalira mu 1858 anthu ambiri asanamukhulupirire. Panapita zaka pafupifupi 30 kuchokera pa mliriwo kuti wasayansi wa ku Germany, Robert Koch, atsimikizire dziko za kachilombo ka kolera.

Bambo Kamwendo: Thewera limodzi, Mayi Nachisale. Mukapita kudambo kwanuko mukaone kuti amachapira pati.

Mayi Nachisale: Amachapira pamwala wa pambali pa chitsime pomwepo, madzi ake amayenderera kubwerera momwemo. Nkhani yake ndaimva.

Aphunzitsi a Gondwe: Ine funso langa ndi lina. Tinakula tikudziwa kuti kolera ndi wa dzinja. Koma kwathu kuno ku Nkhata Bay anativuta cha mu Ogasiti 2022, kopanda ngakhale dontho la mvula. Anachokera kuti m'chilimwe?

Bambo Kamwendo: Aphunzitsi, mvula siyambitsa kolera, imangomunyamula kuchoka kuchimbudzi kupita ku madzi akumwa. Amene amamuyendetsa kuchoka boma lina kupita boma lina ndi anthu. Mliri uja unayamba mu Malichi 2022, wodwala woyamba anapezeka ku Machinga, kummwera kutangodutsa namondwe Ana mu Januwale, ndipo Gombe anabweranso mwezi womwewo wa Malichi. Zimbudzi zinagwa, mijigo inamira, anthu anaunjikana m'misasa. Zaka zina mliri ukayamba choncho umazilala mvula ikatha. Ulendo uno sunazilale, unapeza pokhala. Pagombe la asodzi pamakhala anthu ambiri, zimbudzi zochepa, ndipo nyanja yomweyo ndiyo bafa, ndiyo motsukira mbale, ndiyo mtsuko. Msodzi lero ali gombe ili, sabata yamawa watsatira usipa gombe lina. Ogula nsomba abwera pa lole kuchokera m'tauni n'kubwerera tsiku lomwelo. Kumbukirani kuti ambiri onyamula tizilomboti sakudwala, ndiye palibe chowaletsa kuyenda. Ku Chilwa ndinkaona asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba toyandama pamadzi tija, milungu ingapo osaponda mtunda. Chimbudzi ndi m'madzi, akumwa ndi omwewo, ndipo wina akadwala usiku, kuti bwato likafike kumtunda munthu watha madzi m'thupi. Mvula ya kumapeto kwa 2022 itayamba inapeza kolera ali kale m'maboma ambiri, n'chifukwa chake zinafika poipa chonchija. Pa 5 Disembala Pulezidenti wa nthawiyo, a Chakwera, analengeza kuti ndi ngozi ya zaumoyo, mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa, ndipo mliriwo unafika m'maboma onse.

Chisomo Banda: Chitsanzo choonekeratu cha kuyenda ndi anthu ndi Haiti. Dziko limenelo linakhala zaka zambirimbiri lopanda kolera, ngakhale umphawi ndi madzi oipa zinalipo. Mu Okutobala 2010 mliri unabuka m'mbali mwa mtsinje wa Artibonite. Ofufuza atatsatira mtsinjewo chokwera anakafika pa msasa wa asilikali osungitsa mtendere a United Nations ochokera ku Nepal, kumene zonyansa zinkatayikira m'kamtsinje. Atapima kachilomboko anapeza kuti ndi ka mtundu wa ku Nepal. Anthu pafupifupi 10,000 anafa, ndipo bungwelo linapepesa mu 2016. Madzi oipa paokha sabala kolera. Pamafunika kachilombo, njira yodzera, ndi anthu opanda chitetezo. Chimodzi chikasowa mliri suyenda.

Bambo Chimwaza: Ndakhala ndikuwerenga chete, koma pali chinthu chimene chimandipweteka mpaka lero. Mlamu wanga anamwalira pa mliri umenewu. Thupi sitinalisambitse, sanatilole kugona nalo m'nyumba, anabwera nalo atalikulunga m'pulasitiki, adzukulu anangokumba ena n'kutsitsa atavala magolovesi. Anatiletsanso kuphika. Anthu anachokera kutali n'kubwerera ndi njala, ana ake osaona nkhope ya mayi awo bwinobwino. Inu ophunzira ndiuzeni, munthu wakufa amapatsira bwanji matenda? Sakupuma, sakuyenda. Kapena kunali kungotinyoza ife osauka?

Sisita Mbewe (London): Pepani kwambiri bambo. Ululu umenewo ndi weniweni, ndipo pali malo amene zinachitika mwankhanza, popanda wokhala pansi kufotokozera anamfedwa. Ana akanatha kuloledwa kuona nkhope ataima chapatali pang'ono, zimenezo sizipatsira matenda.

Bambo Kamwendo: A Chimwaza, pepani. Ndiyankhe monga munthu amene waimapo mbali zonse ziwiri, yoletsa ndi yolira. Munthu womwalira ndi kolera thupi lake limapitiriza kutulutsa madzi, kukamwa ndi kumunsi, ndipo madziwo ndi odzaza ndi tizilombo. Nsalu, mphasa, bulangete, zonse zanyowa nawo. Tsopano ganizani mwambo wathu. Amene amasambitsa thupi la mayi ndi amayi akuluakulu a pamudzi. Akatuluka m'nyumbamo amapita kuti? Amapita kumoto kukayang'anira mapoto, kutsukuluza thobwa, kugawa ndiwo. Ndiye pobwera chakudya, beseni limodzi la madzi limazungulira amuna khumi, woyamba asamba m'madzi oyera, womaliza asamba m'litsiro la anzake onse, kenaka dzanja lomwelo m'mbale imodzi ya nsima. Ine ndinaonapo maliro amodzi akubala maliro ena m'midzi itatu sabata isanathe, ndipo titalemba mayina a odwala, onse anali atakhala pa siwa imodzi. Wakufayo sayenda, koma olira ndi amene amabwerera kwawo, aliyense ku chitsime cha kwawo.

Bambo Chimwaza: Nanga munadziwa bwanji kuti ndi pamaliropo? Anthu amadya malo ambiri.

Chisomo Banda: Bambo, chimene chimathandiza ndi nthawi. Matenda alionse ali ndi nyengo yake yobisala m'thupi asanaonekere. Kolera amatenga maola ochepa mpaka masiku 5. Ndiye munthu akadwala Lachisanu, sitifunsa zimene anadya mwezi watha, timabwerera masiku asanu okha. Anthu 12 a m'midzi yosiyana, omwa zitsime zosiyana, akadwala onse m'masiku atatu otsatizana, timafunafuna malo amodzi amene anakumana m'sabata imeneyo. Tikawapeza timafunsa aliyense amene analipo, wodwala ndi wosadwala, kuti anadya chiyani. Tingoyerekeza: pamaliro panali anthu 100. Omwa thobwa anali 40, ndipo mwa iwo adwala 12. Osamwa thobwa anali 60, mwa iwo wadwala mmodzi. Nsima anadya pafupifupi onse, odwala ndi osadwala, ndiye nsima siyikutiuza kanthu. Thobwa ndi limene likusiyanitsa magulu awiriwo, ndipo n'zomveka, chifukwa nsima imabwera yotentha pamene thobwa limazizira m'ndowa, ena n'kulisungunula ndi madzi osawiritsa. Onaninso kuti pa omwa thobwa 40 aja, 28 sanadwale. Aliyense wa iwo angalumbire kuti thobwalo linali labwino chifukwa iye anamwa. Ndi funso la Mayi Nachisale lomwe lija.

Ndipo mmene odwala akubwerera zimatiuza gwero. Akabwera onse pakamodzi kenaka n'kutha, chinali chinthu chimodzi cha tsiku limodzi, ngati phwando. Akamabwera tsiku ndi tsiku kwa milungu, gwero lidakalipo, monga chitsime chimene anthu akutungabe.

A Tembo a ku Lusaka: Kuno kwathu tinaziona kuyambira Okutobala 2023. Inafika poti Heroes Stadium anaisandutsa chipatala cha kolera, ndipo masukulu sanatsegule mu Januwale 2024 pa nthawi yake. Makomboni ngati Kanyama, kumene madzi ali pafupi pansi ndipo zimbudzi ndi zitsime zili moyandikana, ndiwo amavutika chaka ndi chaka. Koma funso langa, abale a ku Malawi, n'chifukwa chiyani kwanuko anafa ambiri chonchija? Kolera ali ndi mankhwala.

Sisita Mbewe (London): A Tembo, mwagunda pamene pamandiwawa. Pa mliri uja odwala olembedwa anali pafupifupi 59,000, omwalira oposa 1,700. Ndiye kuti pa odwala 100 alionse, atatu ankafa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chithandizo chikakhala bwino, omwalira asafike mmodzi pa 100. Chiwerengero cha odwala chimatiuza za madzi ndi zimbudzi. Chiwerengero cha omwalira pa odwalawo chimatiuza zina: kuti anthu ankafika mochedwa, mtunda unali wautali, matenti anadzaza, ogwira ntchito anachepa. Kolera amapha pomaliza madzi m'thupi, ndipo munthu wamkulu wamphamvu amene anadzuka bwino m'mawa akhoza kufa dzuwa lisanalowe. Koma ambiri safuna ngakhale dripi. Amafuna Thanzi ORS, madzi a shuga ndi mchere a m'paketi aja, msanga, wambiri, kuyambira pakhomo ndi m'njira monse popita kuchipatala. Ngati paketi palibe, lita imodzi ya madzi owiritsa, timasipuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasipuni ka mchere. Akasanza dikirani mphindi 10, mupitirize pang'onopang'ono. Mu 1971, pa nkhondo ya Bangladesh, dokotala Dilip Mahalanabis madripi atamuthera pa msasa wa othawa nkhondo anayamba kumwetsa odwala madzi a shuga ndi mchere amenewa, achibale ndiwo ankamwetsa, ndipo imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 kufika pa ochepera 4.

Chimene chinapha anthu ena kwathu ndi mphekesera zoti ku tenti akubaya anthu jakisoni wakupha. Banja limasunga wodwala pakhomo mpaka atakomoka, n'kupita naye atatsala pang'ono, n'kukafera pa geti, ndiye mphekesera ija n'kukula. Ndinkalira ndikamamva zimenezi pafoni.

Chisomo Banda: Ndipo manambala amenewo tiziwagwira mosamala. Amene anatsekula pang'ono n'kuchira pakhomo sanalembedwe, amene anafera pakhomo n'kuikidwa mwakachetechete ena sanalembedwenso. Buku la kuchipatala limaona okhawo amene afika pakhomo pake.

Madalitso wa ku Joni: Chabwino, za kolera mwandigonjetsa pang'ono. Koma za katemera ndiye ayi. Mu 2022 anapeza mwana mmodzi yekha wa poliyo ku Lilongwe, basi dziko lonse khomo ndi khomo kudonthezera ana, mobwerezabwereza, mpaka Mozambique, Zambia, Tanzania. Mwana mmodzi? Pamenepo pali ndalama za anthu, osati matenda.

Bambo Kamwendo: Mwana wanga Madalitso, mwana mmodzi wopuwala ndi poliyo si mwana mmodzi wotenga poliyo. Pa ana pafupifupi 200 amene atenga kachilomboko, mmodzi ndi amene amapuwala. Enawo akusewera mpira, akupita kusukulu, koma kachilombo kakutuluka m'chimbudzi chawo kwa milungu. Ndiye ukaona mmodzi miyendo italefuka, udziwe kuti pali mazana amene sukuwaona ndipo sudziwa kuti ali mudzi uti. Africa inali italengezedwa mu Ogasiti 2020 kuti yathana ndi poliyo wa mtundu umene unagwira mwanayo. Kachilombo ka mwana wa ku Lilongwe atakapima anapeza kuti n'kachibale ka kamene kanali ku Pakistan, pamene mwanayo sanapiteko. Ndiye kanadutsa mwa anthu angati osadwala kuti kafike kwa iye? Ndipo miyezi yotsatira ana ena anapezeka nako ku Tete. Amene anati tithamange sanalakwe.

Chisomo Banda: Achimwene a Madalitso, pali nambala imodzi imene imalamula mliri uliwonse: wodwala mmodzi akupatsira anthu angati. Akamapatsira awiri, ndiye 1 abala 2, 2 abala 4, 4 abala 8, ndipo pofika ulendo wa 10 muli pa 1,024. N'chifukwa chake mliri umaoneka ngati wagona kwa milungu kenaka n'kuphulika. Koma odwala 10 akamapatsira anthu 8 okha, ndiye 100 abala 80, 80 abala 64, mpaka kuzima. Ntchito yonse ya azaumoyo ndi kukankhira nambala imeneyi pansi pa 1. Sitifunika kutseka njira zonse, tingotseka zokwanira.

Katemera amagwira pamenepo. Zili ngati lupsa pa dambo: moto umathamanga pamene udzu wouma walumikizana, koma ukafika pamene analambula umasowa cholumphira. Wolandira katemera ndi malo olambula, ndipo amateteza ngakhale khanda la mnzake limene silinafike msinkhu wobayitsa. Kukula kwa malo ofunika kulambula kumadalira matenda ake. Chikuku ndicho choopsa: pakati pa anthu opanda chitetezo, mwana mmodzi akhoza kupatsira 12 mpaka 18, chifukwa chimayenda mumpweya ndipo chimatsalira m'chipinda wodwala atatulukamo. N'chifukwa chake pamafunika ana 95 pa 100 alionse akhale obayitsa. Mukatsika pang'ono, osabayitsa aja amaunjikana chaka ndi chaka mwakachetechete, ndiye zimachitika zimene zinachitika mu 2010, pamene chikuku chinagwira anthu oposa 130,000 m'Malawi.

Aphunzitsi a Gondwe: Chaka chimenecho ndikuchikumbuka, m'kalasi munkatsala mabenchi opanda anthu. Koma Chisomo, pamenepa ndifunse za Edzi. Amati tikupambana, komabe anthu amene ali ndi kachilombo akadali pafupifupi 1 miliyoni. Kupambana kwake kuli pati?

Chisomo Banda: Aphunzitsi, pamenepo pali ziwerengero ziwiri zosiyana. China ndi cha anthu onse amene ali nako lero, china ndi cha amene atenga kumene chaka chino. Kuyambira 2004 pamene ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere, anthu anasiya kufa msanga, ndiye chiwerengero choyamba sichingatsike mofulumira, popeza eni ake ali moyo. Chimene chatsika kwambiri ndi chachiwiri, ndipo ndicho chimatiuza ngati matenda akufalabe. Kwa kolera kusiyana kumeneku sikuoneka kwenikweni chifukwa munthu amachira kapena kumwalira m'masiku ochepa.

A Tembo a ku Lusaka: Nanga katemera wa kolera wakumwa uja? Ife anatipatsa kamodzi kokha, pamene kale ankati kawiri.

Sisita Mbewe (London): Katemerayo anachepa padziko lonse chifukwa miliri inabuka m'mayiko ambiri nthawi imodzi, ndiye mu Okutobala 2022 amene amasunga nkhokwe yake anagamula kuti pa mliri azipereka kamodzi kuti afikire anthu ambiri. Kamodzi kamateteza, koma kwa nthawi yofupikirapo, makamaka kwa ana aang'ono. Ndiye amene anamwa mu 2022 kapena 2023 asadalire kuti akadali otetezedwa monga poyamba. Mankhwala a m'madzi aja asonkhereni ndithu.

Bambo Chimwaza: A Kamwendo, zimene mwafotokoza za beseni zandikhala pamtima. Za kuletsa kuphika sindinagwirizane nazobe, chifukwa munthu wochokera ku Mchinji kubwera ku Zomba simungamubweze ndi njala, ndipo lamulo lotero anthu amangolizemba, amakaphikira kuseri kumene mlangizi sakuona. Koma beseni lija tikhoza kulisintha popanda kunyoza mwambo wa wina aliyense. Ine ndili m'gulu la adzukulu kwathu. Loweruka tili ndi msonkhano kwa amfumu, ndikanena kuti pamaliro alionse, a kolera kaya ayi, mnyamata mmodzi aziyenda ndi jagi ndi sopo kuthirira anthu, ndipo amayi osambitsa thupi tsiku limenelo asayandikire mapoto.

Bambo Kamwendo: Mukanene ndithu, ndipo zikachokera kwa adzukulu zimamveka kuposa zikachokera kwa ife a yunifolomu. Muwonjezere za thobwa, kuti m'miyezi ya mvula lisasungunulidwe ndi madzi osawiritsa, ndipo makapu asamaviikidwe m'ndowa, pakhale chotungira chimodzi cha mpini wautali ndi munthu mmodzi wogawa. Amfumu akakufunsani kuti sopoyo agula ndani, muwauze kuti achoke pa ndalama za chipepeso zisanagawidwe, pamodzi ndi za mchere ndi nkhuni.